MUDZI WA CIKUMBUTSO KWA LUEMBE UMANGIDWE AKULU AKALI MOYO

Munthu woyenda pa mseu waukulu wa Kum'mawa kucokera ku Lusaka, akafika pa msika wa pa mlatho wa Luangwa, amapeza madengu, malicero, mphasa ndi zipewa zoluka zitayalidwa m'mbali mwa mseu pamodzi ndi nsomba zouma. Poona zimenezi mtima wace ukhoza kukhala pansi, poganiza kuti luso la makolo athu a m'cigwa likali ndi mphamvu monga kale. Koma zimene zifika pa mseu ndi zokhazo zimene apaulendo amagula. Zina zambiri zimene zinali kusunga moyo wa mudzi sizifika pa msika, ndipo zilikutha mwakacetecete, popanda ndi mmodzi yemwe wozindikira.

Tipempha owerenga athu a kwa Mfumu Yaikulu Luembe, ndi a m'maiko a mafumu ena a ku Nyimba ndi ku Petauke, kuti madzulo ano akhale pansi ndi kuwerenga okha. M'mudzi mwanu atsala angati amene angathe kukonza mvukuto ndi kusula khasu kapena nkhwangwa? Atsala angati amai amene adziwa kumene kuli dothi la mbiya, nadziwanso kuumba ndi kuocha mtsuko osasweka? Ndani angasende khungwa la mtengo ndi kulimenyamenya kufikira lisanduke nyanda yobvala? Ndani angaseme bwato, kuluka mono, kapena kuimika nkhokwe imene makoswe alephera kukwera? Mukatha kuwerenga, funsaninso zaka za anthu amenewo, ndipo muone ngati pali mwana kapena mdzukulu amene alikuphunzira kwa iwo. Yankho limene mudzapeza ndilo cifukwa ca mau athu a sabata ino.

Ganizo lathu ndi lakuti kwa Luembe kumangidwe mudzi wa cikumbutso. Sitinena za nyumba ya njerwa yosungiramo zinthu zakale m'magalasi, imene a m'tauni amaicha miyuziyamu. Tinena za mudzi weniweni wa pabwalo, wokhala ndi nyumba, nkhokwe, mphala ndi makola omangidwa monga anali kumangira makolo, m'mene amisiri adzagwira nchito zao pamaso pa ana. Ndipo mudziwo umangidwe tsopano lino, pamene amisiriwo akali moyo.

PHUNZIRO LA KU KLUKI

Ganizo lotere silacilendo pa dziko lapansi. Mu 1891 munthu wina dzina lace Artur Hazelius anatsegula mudzi wotere, wochedwa Skansen, mu mzinda wa Stockholm ku Sweden. Iye anaona kuti mafakitale alikusintha moyo wa kumidzi, ndipo anasamutsa nyumba zakale zathunthu kucokera m'zigawo zosiyanasiyana nazimanganso pamalo amodzi. Maiko ambiri anatengera nzeru imeneyi. Koma nkhani imene tifuna kuti anthu a m'cigwa aimvetsetse ndi ya mudzi waung'ono wa Kluki, kumpoto kwa dziko la Poland, pafupi ndi nyanja ya Łebsko ndi gombe la nyanja yaikulu ya Baltic.

M'dera limenelo munali kukhala mtundu waung'ono wa anthu ochedwa Słowińcy. Anali asodzi ndi alimi a m'madambo, okhala kutali ndi miseu, monga momwe akhalira abale athu a kutsidya kwa Luangwa. Nyumba zao za mitengo ndi dothi anali kuzifolera ndi bango. M'malo mwa nkhuni anali kukumba dothi lakuda la m'dambo limene likauma limayaka moto, ndipo akavalo ao anali kuwabveka nsapato zazikulu za mtengo kuti asatitimire m'matope. Anali ndi cilankhulo caocao.

Dziko lao linali pansi pa ulamuliro wa Ajeremani kwa zaka zambiri. M'kupita kwa nthawi Cijeremani ndico cinayamba kumveka ku sukulu, ku chalichi ndi ku boma, kufikira makolo eni ace anayamba kulankhula naco kwa ana ao. Pamene katswiri wa zilankhulo Friedrich Lorentz anasindikiza buku la malamulo a cilankhulo cao mu 1903, ocilankhula anali atatsala ocepa, ndipo ambiri a iwo anali okalamba. Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, deralo linakhala mbali ya Poland. Ambiri a Słowińcy anacotsedwa napita ku Germany, ndipo otsala anasamuka pang'onopang'ono m'zaka zotsatira.

Mu 1963 ku Kluki kunatsegulidwa mudzi wa cikumbutso, umene uyang'aniridwa ndi miyuziyamu ya mu mzinda wa Słupsk. Muli nyumba pafupifupi 20, zina zikali pa malo pomwe eni ace anazimanga. Muli mabwato, maukonde, zida za kumunda ndi zipangizo za m'nyumba. Caka ndi caka, kuciyambi kwa mwezi wa May, anthu ambiri amasonkhana kudzaonerera kukumba kwa dothi lakuda lija monga kunali kucitikira kale. Nchito imeneyi ndi yotamandika ndithu. Koma mlendo wolowa m'nyumba zimenezo sangamve liu ndi limodzi lomwe la cilankhulo ca eni nyumba kucokera pakamwa pa munthu amene anaciyamwa kwa amace. Anthu a ku Poland anapulumutsa madenga ndi zipupa, koma anafika eni mudzi ali kutha. Madzi akatayika saoleka.

IFE TIKALI NDI MWAI

Sitinena kuti Ansenga ndi Aambo ali pafupi kutha. Iai. Palibe amene alikuwathamangitsa m'dziko lao, ndipo ana a m'midzi akali kuchula nyumba kuti ng'anda, madzi kuti manzi, mudzi kuti munzi. Koma tiyenera kunena zoona. Cinsenga ndi Ciambo sizili pakati pa zilankhulo 7 zimene Boma linasankha kuti zigwire nchito m'masukulu ndi pa wailesi. Mwana wa kwa Luembe amaphunzira kuwerenga m'Cinyanja ndi m'Cingerezi, ndipo ngakhale tsamba lino limfikira m'Cinyanja. Cilankhulo sicifa tsiku limodzi. Mau oyamba kufa ndi maina a zinthu zimene manja aleka kupanga. Cigubu cikalowa m'malo mwa mtsuko, maina a mitundu ya mbiya amapita. Cigayo cikalowa m'malo mwa mtondo ndi mphero, nyimbo za pamtondo zimapita. Malata akalowa m'malo mwa udzu, maina a mitundu ya udzu, ya luzi ndi ya mitengo yosadyedwa ndi ciswe amapitanso. Cotsala cimakhala cilankhulo ca moni ndi ca malonda cabe.

Codabwitsa n'cakuti munthu amene analemba zambiri za zipangizo za makolo a m'cigwa cino anacokera ku Poland komweko. Bambo Bronisław Stefaniszyn, wansembe wa cipani ca Ajezuiti, anakhala zaka zambiri pakati pa Aambo, mtundu umene pakati pa mafumu ace pali Mboroma, Mboshya, Chisomo ndi Luembe. Mu 1964, caka cimene tinalandira ufulu, mabuku ace awiri anasindikizidwa: lina lofotokoza miyambo ndi cikhalidwe ca Aambo, lina lofotokoza zimene anali kupanga ndi manja ao, ndipo laciwirili linafalitsidwa ndi miyuziyamu ya ku Livingstone. Mu 1961 katswiri wa nyimbo John Blacking anafika ku Petauke nalemba za kayimbidwe ka kalimba ya Ansenga. Anthu amenewa tiwathokoza. Koma zolemba zao zili m'Cingerezi, m'nyumba za mabuku za m'mizinda, ndipo ndi angati a kwa Luembe amene anazigwirapo m'manja? Ndiponso buku likhoza kufotokoza maonekedwe a mvukuto, koma silingaphunzitse diso kudziwa kuti citsulo capsa. Zimenezo amaphunzitsa ndi munthu wokhala nawe pafupi.

Muno m'dziko mwathu zitsanzo zilipo. Mu 1974 Boma linasunga nyumba zozungulira 43 za ku Kabwata mu Lusaka, zimene atsamunda anamangira anchito acikuda, nizikhala mudzi wa amisiri osema ndi oluka. Caka comweco miyuziyamu ya Moto Moto inatsegulidwa ku Mbala, yodzala ndi zinthu zimene Bambo Jean-Jacques Corbeil anasonkhanitsa m'midzi ya kumpoto kwa zaka zambiri. Kuno ku Cigawo ca Kum'mawa, Angoni ali ndi miyuziyamu yao ya Nsingo ku Feni, m'boma la Chipata. Malo onsewa ali kutali ndi mwana wa m'mbali mwa Luangwa ndi Lukusashi, ndipo ngakhale atafikako sadzapeza bwato la agogo ace. Tili ndi mwambo wa Tuwimba kwa Mfumu Yaikulu Kalindawalo m'mwezi wa October, ndipo ndi mwambo wolemekezeka. Koma mwambo umatha masiku owerengeka, pamene kuphunzira kuumba kumafuna miyezi.

MUDZIWO UKHALE WOTANI?

Coyamba, ukhale mudzi wa nchito. Mfumu ndi nduna zace apereke malo pafupi ndi madzi ndiponso pafupi ndi sukulu. Anyakwawa agawane nchito: midzi iyi imange nyumba yozungulira ya mitengo ndi dothi, iyo iimike nkhokwe, ina imange mphala, gowelo ndi khola la nkhunda. Pa nchito iliyonse, mkulu wodziwa akhale pansi ndi kulangiza, koma ogwira nkhwangwa ndi luzi akhale anyamata ndi atsikana. Denga la udzu limafuna kufoleredwanso pakapita zaka zocepa, ndipo ena adzati limenelo ndi bvuto. Ife tikuti umenewo ndiwo ubwino wace, cifukwa nthawi iliyonse denga likamafoleredwa gulu lina la acinyamata lidzaphunzira kufolera.

Caciwiri, pakhale buku lalikulu. Cinthu ciliconse colowa m'mudziwo, kaya ndi mphika, mkondo, kalimba kapena mng'oma wa njuci, cilembedwe dzina lace m'Cinsenga kapena m'Ciambo monga acichulira eni ace, pamodzi ndi dzina la wocipanga, mudzi wace, caka, ndi mtengo kapena dothi limene anapangira. Cinthu cobwerekedwa cilembedwe kuti n'cobwerekedwa, ndipo banja likhale ndi ufulu wa kucitenga tsiku limene lifuna. Popanda buku lotere, mikangano ya pabanja idzagwetsa mudziwo caka cisanathe.

Cacitatu, mau a akulu ajambulidwe. Kale nchito yojambula mau inali kufuna makina olemera ndi akatswiri ocokera kutali. Lero m'mudzi uliwonse muli wacinyamata wokhala ndi foni yotha kujambula mau ndi zithunzi. Akhale pafupi ndi agogo pamene alikuumba kapena kuluka, awafunse dzina la ciliconse, ndipo awasiye alankhule cilankhulo cao osawadula mau. Zojambulidwazo zisungidwe malo awiri kapena atatu, ku sukulu, kwa mfumu ndi ku ofesi ya boma yoona za cikhalidwe, kuti foni imodzi ikagwera m'madzi zonse zisathere pomwepo.

Cacinai, aphunzitsi abweretse ana nthawi ndi nthawi, ndipo pobwerera mwana aliyense akhale atagwira dothi, bango kapena mlaza ndi manja ace. Alendo ocokera kutali akafika, alandiridwe, alipire polowa ndipo agule zoluka ndi zoumba pa mtengo woyenera. Koma mudziwo eni ace ndi ana a m'cigwa. Ukamangidwa cifukwa ca alendo okha, udzasanduka malo a masewero, ndipo alendo akasowa udzagwa.

KWA AMENE ADZATSUTSA

Tidziwa kuti ena adzati: "Ife tifuna zipatala, miseu, milatho ndi zitsime. Nyumba za udzu tazitopa nazo." Mau amenewa ndi oona, ndipo tsamba lino silidzaleka kunena za zosowa zimenezo. Palibe amene akuti mai aleke cigayo abwerere ku mtondo, kapena kuti banja licotse malata pa nyumba yace. Umphawi si mwambo, ndipo sitifuna kuusunga. Cimene tifuna kusunga ndi nzeru imene inacititsa makolo kukhala ndi moyo m'cigwa cotentha, ca njobvu ndi ng'ona, popanda sitolo kapena galimoto. Mudzi wa cikumbutso sulanda thumba la simenti ndi limodzi lomwe la cipatala, pakuti zomangira zace zili m'chire mwathu momwemo.

Ena adzati zimenezi n'zakale zopanda nchito, tsobola wakale sawawa. Amenewo akumbukire caka ca 2024, pamene mvula inadula ndipo pa 29 February Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga cinauma m'minda yambiri. Makolo a m'cigwa sanali kudalira mbeu imodzi. Anali kubzala mapira ndi mawere, zimene zipirira dzuwa kuposa cimanga, pamodzi ndi khobwe, nzama ndi maungu. Anali kudziwa kufutsa ndiwo, kusunga mbeu mu mbiya yomata ndi phulusa, ndi kusiyanitsa mizu ndi zipatso za m'chire zodyedwa ndi zakupha. Nzeru imeneyi ikafa pamodzi ndi eni ace, cilala cotsatira cidzatipeza tili osauka koposa. Cifukwa cace m'mudzi wa cikumbutso mukhale munda waung'ono ndi nkhokwe ya mbeu zakale, kumene mlimi angabwereke mbeu nabweza atakolola.

Enanso adzaopa kuti zinsinsi za cinamwali, za maliro a mafumu ndi za ku kacisi zidzaikidwa poyera. Mantha amenewa ndi oyenera kuwamvera. Anamkungwi ndi akulu a mwambo ndiwo anene cimene cingaonetsedwe ndi cimene ciyenera kukhala cobisika, ndipo mau ao akhale otsiriza. Abale athu a m'machalichi asade nkhawa, pakuti mtondo, bwato ndi nkhokwe sizitsutsana ndi cikhulupiriro ca munthu aliyense. Komiti yoyendetsa mudziwo ikhale ndi amai ambiri, cifukwa kuumba, kusunga mbeu ndi kufutsa ndi nzeru zimene zili m'manja mwa amai.

NDALAMA NDI CISAMALIRO

Ndalama zofunika sizambiri, koma zina zidzafunika: za mlonda, za kabati yosungiramo buku, za kangacepe kothokoza amisiri ophunzitsa. Thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, lodziwika kuti CDF, linakwezedwa mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo anthu ali ndi ufulu wa kupereka mapempho ao kudzera m'makomiti a citukuko a m'mawadi. Alipo mabungwe a CRB, amene lamulo la zinyama linakhazikitsa m'maiko a mafumu a m'madera a nyama monga West Petauke. Alipo akatswiri a bungwe la National Museums Board, amene angaphunzitse kasungidwe ka zinthu kuti ciswe ndi nankafumbwe zisaononge. Koma onsewa amathandiza cinthu coyambika kale. Anthu akadikira kuti galimoto ya Boma ifike ndi ndalama asanadule mzati woyamba, adzadikira kufikira mmisiri wotsiriza ataikidwa m'manda.

Ticenjezenso za amalonda oyendayenda amene amafunafuna mipando, mikondo, ng'oma ndi mikanda yakale. Iwo amagula ndi ndalama ya sopo, nakagulitsa kunja pa mtengo umene mwini wace sangaulote. Lamulo la mu 1989 limene linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission linaletsa kutulutsa zinthu zakale za mbiri kunja kwa dziko popanda cilolezo. Ngati muli ndi cinthu cimene agogo anakusiyirani, musacigulitse. Cisungeni pouma, ndipo funsani akulu mbiri yace akali kukumbukira. Dengu lolukidwa dzulo gulitsani, cifukwa mawa mudzaluka lina. Mpando wa agogo ukapita, wapita.

Mudziwo utetezedwenso ku moto. Udzu wozungulira ulambulidwe caka ndi caka nyengo ya lupsa isanafike, ndipo nyumba zisamangidwe mothithikana. Nkhalango zimene mucokera mitengo ya mizati, luzi ndi mabwato zisungidwe, pakuti matumba a makala amene timaona m'mbali mwa mseu wa Nyimba atiuza kuti mitengo yomangira ilikusowa. Mmisiri wodziwa kusema bwato alibe nchito ngati mtengo wa bwato unapsa kale m'ng'anjo ya makala.

Mutu umodzi susenza denga. Tipempha Mfumu Yaikulu Luembe ndi nduna zace, anyakwawa, makhansala, aphunzitsi, atsogoleri a machalichi ndi ana a kwa Luembe amene ali pa nchito ku Lusaka ndi ku migodi, kuti nkhaniyi aikambe pa msonkhano woyamba umene adzakhala nao. A ku Kluki anamanga mudzi wao wa cikumbutso cilankhulo ca eni ace citazima kale. Ife aphunzitsi athu akali pakati pathu, alikuothera dzuwa pa khonde, ndipo ambiri a iwo palibe amene anawafunsapo kanthu. Pitani mukawafunse. Yambani ndi nyumba imodzi ndi nkhokwe imodzi cilimwe cino, ndipo udzu wofolera umwetedwe moto usanalowe m'chire.